Mapazi awili, ng'oma imodzi: phunzilani double pedal olo muli ku Petauke

Mwaiona kale vidiyo ija pa foni. Mnyamata wakhala pa ng'oma, kumtunda thupi lili phee monga ayembekezela basi, koma pansi mapazi agunda monga cigayo ca dizilo. Dugudugudugudugu! Mwaibweza katatu, mwayesako na imwe pansi pa tebulo. Masekondi 20 akalibe kukwana, mwendo wa kumanzele wauma, msongolo wayamba kutentha. Apo mwagwetsa ulesi, ati izi ni za anzathu akunja amene ali na makina.

Makina alipo zoona, dzina lake ni double pedal. Koma cimene cithamanga pa vidiyo ija ni phazi lophunzitsiwa, ndipo phazi limaphunzila pang'onopang'ono, monga mwana amene ayamba kuyenda. Ngati mukhala ku Petauke kapena ku Nyimba, kumene drum kit yathunthu kambili mumaipeza cabe ku chechi kapena kwa mwini bandi, nkhani iyi ni yanu. Mungayambe lelo pa mpando wa kunyumba, olo magetsi apite.

N'cinthu ca bwanji?

Pa drum kit, ng'oma ikulu ija imene igona pansi oliza amaicha kick, ena ati bass drum. Siimenyewa na ndodo. Mumaponda pedulo, pedulo ikoka cheni, cheni igwetsa kamutu kochedwa beater, ndiye kamenya cikumba. Mukamasula phazi, sipuling'i ibweza kamutu kumbuyo.

Woliza wamba amaika phazi limodzi pa kick, lina pa hi-hat, tumbale tuwili tuja tumene tutseguka na kutsekeka. Akakamba za double bass atanthauza kuti mapazi onse awili amenya kick. Kale anali kuika ng'oma zikulu ziwili, iliyonse na pedulo yake. Masiku ano ambili amagula double pedal: mapedulo awili olumikiziwa na kansimbi kotalika, tumitu tuwili tumenya ng'oma imodzi. Ni yochipa kupambana kugula kick yaciwili, ndipo ikwana m'cikwama mukakwela basi ya pa Great East Road.

Anayambitsa ni mwana wa sukulu

Pedulo ya kick yoyamba kusewenza bwino anaipanga William F. Ludwig ku Chicago mu 1909. Nzelu ya ng'oma ziwili inabwela na mwana wa sukulu wa ku America, Louie Bellson, amene anajambula pa pepala drum kit ya ma kick awili mu 1939, ali na zaka 15. Kampani ya Gretsch inam'pangila mu 1946, ndipo mu 1951 analowa bandi ya Duke Ellington. Uyu anali munthu wa jazz, wovala suti na tayi. Conco amene amakuuzani kuti double bass ni ya anyamata a tsitsi litali okhaokha, auzeni mbili iyi.

M'ma 1960 Ginger Baker wa Cream na Keith Moon wa The Who anaitengela ku rock. Baker ni wamene uja anakhalako ku Lagos na kuliza pamodzi na Fela Kuti pa cimbale ca mu 1971. Liwilo limene mumaona pa foni linakula na heavy metal. Mvelani mmene iyambila nyimbo ya Motörhead yochedwa "Overkill", ya mu 1979, Phil Taylor ali pa ng'oma. Mvelani Dave Lombardo wa Slayer pa "Angel of Death" ya mu 1986, na cigawo cija ca "One" ya Metallica, ya mu 1988, cimene cimveka monga mfuti. Pafupi na ise, ku Botswana, kuli mabandi a metal monga Wrust na Overthrust ya ku Ghanzi. Oliza gospel ena nawo masiku ano amaika pedulo yaciwili kuti akometsele ma fill awo.

Kuno kwathu rock yolema si mlendo. Zamrock ya m'ma 1970 inatipatsa WITCH, Amanaz na Ngozi Family ya Paul Ngozi, mmene Chrissy Zebby Tembo anali pa ng'oma. Nyimbo zawo sizidziwika na double pedal, zidziwika na biti yolema imene siigwedezeka. Sungani mfundo imeneyo, tizabwelako kumapeto.

Kum'mawa mapazi adziwa kale nchito

Mukalibe kufunafuna mphunzitsi wa pa YouTube, yang'anani zimene zili pafupi.

Azimai awili akamasinja mu mtondo umodzi, munsi uwu ukatsika, uyo ukwela. Palibe amene athamangila mnzake, cifukwa minsi ikakumana m'kati ni ngozi. Double bass ni imeneyo: lamanja, lamanzele, lamanja, lamanzele, mpata wofanana pakati. Komanso azimai aja sakanikiza munsi pansi. Amauleka ugwe na kulema kwake, ubwelele, augwile m'mwamba. Ndiye cifukwa asinja nthawi itali osagwa.

Pitani pa msika wa Petauke mukaimilile pafupi na telala wa makina opalasa na mapazi. Onani nchafu zake: sizidumpha. Cimene cisewenza ni pa kakolo, phazi lipendama kutsogolo na kumbuyo, makina athamanga tsiku lonse. Wa njinga amene akweza nthoci za ku Nyimba pa citunda adziwanso kuti mwendo umodzi ukacita ulesi, njinga iyenda modukiza.

Mu 1961 katswili wa nyimbo wa ku Britain, John Blacking, anafika m'dela la Petauke kuphunzila kalimba ya Ansenga. Anapeza kuti cimene cigwilizanitsa nyimbo zosiyanasiyana za kalimba ni kayendedwe ka zala zikulu ziwili, kamene woliza amabweleza mpaka kakhazikika m'manja. Zimene makolo anali kucita na zala ziwili ni zimene imwe mufuna kucita na mapazi awili. Ndipo amene anapitako ku Tuwimba kwa a Kalindawalo mu October, kapena ku Nc'wala ku Mtenguleni kumene Angoni amagunda nthaka na mapazi nthawi imodzi, safunika kuuziwa kuti mwendo ungasunge biti.

Coyamba, khalani bwino

Ambili amalephela akalibe kuponda pedulo, cifukwa ca mpando. Ukafupika maningi, maondo akwela pamwamba pa ciuno ndipo mwendo uliwonse muunyamula monga thumba la simenti. Ukatalika maningi, mulendewela na kutaya mphamvu. Konzani mpando kuti nchafu zitsetseleke pang'ono kupita ku maondo. Kakolo akhale pansi pa bondo kapena patsogolo pang'ono, osati kumbuyo pansi pa mpando.

Khalani ca kutsogolo kwa mpando, msana woongoka, mapewa omasuka. Manje yesani izi: nyamulani mapazi onse awili pang'ono. Ngati mwagwela kumbuyo kapena mwagwila m'mbali, ndiye kuti thupi lanu limatsamila pa mapazi. Phazi limene lanyamula thupi silingathamange. Kulema kwanu kukhale pa mpando, mimba na msana zikugwileni.

Mapedulo muwaike pamene mapazi agwela okha mukakhala, osati kupotoza miyendo kulondola mapedulo. Pansi yalani kapeti kapena saka yolimba kuti ng'oma isathawe. Nsapato zikhale zopepuka, za pansi pafulati. Ena amaliza na masokosi cabe. Patapata siyani pakhomo, amavuka pakati pa nyimbo.

Njila zinai za phazi

Yoyamba ni cidendene pansi. Phazi lonse ligona pa pedulo, kutsogolo kwa phazi ndiye kukwela na kutsika. Mau ake ni ofewa, abwino pa nyimbo zodekha za kulambila. Njila iyi imatentha msongolo msanga, ndipo ndiye cifukwa cake ni yabwino poyeseza: ilimbitsa mnofu umene unyamula phazi.

Yaciwili ni cidendene m'mwamba, mwendo wonse utsika kucokela m'ciuno. Apa ndiye pali mphamvu, kick imveka mpaka kumbuyo kwa tenti. Ambili amene amaliza kalindula na rhumba ali pa njila iyi. Cidendene cikwele pang'ono cabe, osati kuimilila pa zala monga muyang'ana kuseli kwa mpanda.

Yacitatu ni ya pa kakolo. Cidendene cili m'mwamba pang'ono, nchafu ili cete, phazi lokha ndiye ligunda, monga mmene mwendo umanjenjemela mukakhala pa benchi ya ku cipatala kuyembekezela dzina lanu. Liwilo likulu lili apa. Oliza ambili amapeza kuti penapake pakati pa 140 na 170 pa metronome mwendo wonse uyamba kukana, pamene kakolo akalibe kuzolowela kutenga nchito. Apo ndiye ambili amalekela, ati nafika pa malile anga. Simunafike pa malile. Ni giya cabe imene ifunika kusintha, ndipo kusintha kumeneko kumatenga miyezi.

Yacinai ili na mitundu iwili. Heel-toe ni kumenya kawili pa kutsika kumodzi: mwendo utsika, kamutu kamenya, phazi lipendamila ku zala, kamenyanso, monga telala uja. Swivel ni kugwedeza cidendene uku na uku pomenya, njila imene George Kollias, Mgiriki wa bandi ya Nile, amadziwika nayo. Izi ni zokoma kuona, koma zisiyeni mpaka zitatu zoyamba zitakhala. Nyumba siiyambila ku malata.

Pa njila zonse, phunzilani kuleka kamutu kabwelele kakamenya. Mukakanikizila pa cikumba, mau afupika ndipo mwendo usewenza kawili. Pedulo ili na sipuling'i kuti ikuthandizeni. Phazi lisacoke pa pedulo, liyende nayo pamodzi. Mukamva phazi liwomba pa nsimbi, phwa phwa phwa, dziwani kuti mwaisiya kumbuyo.

Metronome siinama

Metronome ni kawochi kamene kalila tik, tik, tik pa liwilo limene mwasankha. Pa foni ilipo ya mahala, ndipo mukaikopa siifunanso bundle. Nambala imene muona ni kuculuka kwa ma tik pa mineti imodzi.

Masamu ake ni aya. Pa double bass yodziwika, mumamenya kanai pa tik iliyonse: lamanja, lamanzele, lamanja, lamanzele. Pa 60, ni kumenya ka 240 pa mineti. Pa 120, ni ka 480, kutanthauza ka 8 pa sekondi imodzi. Pa 200, pamene amasewela anyamata a death metal, ni ka 800 pa mineti, phazi lililonse ka 400. Manje mwaona cifukwa cake mphamvu zokha sizingakufikitseni. N'kovuta maningi kunyamula mwendo wonse ka 400 pa mineti mpaka nyimbo kutha. Kayendedwe kafunika kucepa, thupi lifunika kumasuka.

Yambani pa 60. Inde, 60. Izamveka monga nyimbo ya pa malilo, ndipo anzanu azakusekani. Koma pa liwilo locepa ndiye pamene bodza lililonse limveka: phazi ili lamenya mwamphamvu, ilo mofooka, ili lafulumila, ilo lacedwa. Lamulo ni ili: ngati simungasunge mphindi ziwili zathunthu mosaphonya, mapewa ali omasuka ndipo mupuma bwino, musakweze. Mukakwanitsa masiku atatu otsatizana, onjezani 5 cabe.

Ikani foni pansi pafupi na mapazi mujambule mau. Pomvetsela, funsani funso limodzi: kodi ningadziwe kuti ili ni phazi liti? Ngati mungadziwe, nchito ikalipo. Double bass yabwino imveka monga mvula pa malata. Yoipa imveka monga bulu wotsimphina akoka ngolo.

Phazi la kumanzele ndiye mlandu

Phazi lanu la kumanja lakhala pa kick zaka zambili, lamenya bola, laponda kiki ya njinga yamoto. La kumanzele lakhala cabe pa hi-hat monga mlonda. Liwilo lanu lonse lizathela pamene lithela phazi lofooka. Amanzele, tembenuzani zonse zimene nakamba.

Lipatseni nchito yake lokha. Tengani biti yosavuta imene mumaliza pa Sondo, muilize na phazi la kumanzele pa kick. Tsiku loyamba muzamva monga mulemba na dzanja lina. Pitilizani. Pa mphindi iliyonse imene mupatsa la kumanja, la kumanzele lipatseni ziwili.

Yesaninso kuyamba na lamanzele: lamanzele, lamanja, lamanzele, lamanja. Ndiyeno yesani kumenya katatu pa tik iliyonse. Apa phazi loyamba lisinthana lokha: lamanja, lamanzele, lamanja, kenako lamanzele, lamanja, lamanzele. Kamenyedwe ka patatu aka kali pafupi na magule athu ambili, conco khutu lanu lizakagwila msanga kupambana mwendo. Oliza ambili amatenganso buku lakale la manja, Stick Control la George Lawrence Stone la mu 1935, na kuliza masamba ake oyamba na mapazi.

Mphindi 30 pa tsiku

Kuyeseza maola anai pa Ciwelu na kugona mlungu wonse sikuthandiza. Thupi limaphunzila na kubweleza tsiku na tsiku. Nayi ndondomeko imene ikwana olo muli pa nchito:

Mphindi 5: kutenthetsa. Zungulutsani mapazi, tambasulani akatumba, ndiyeno menyani pang'onopang'ono, cidendene pansi.

Mphindi 5: phazi limodzi-limodzi, kumenya kawili pa tik iliyonse. Ziwili la kumanja, zitatu la kumanzele.

Mphindi 10: mapazi onse awili, kanai pa tik, pa liwilo limene mukwanitsa bwino. Mphindi ziwili kumenya, hafu ya mineti kupuma.

Mphindi 5: onjezani manja. Dzanja lamanja limenye pa tik iliyonse, lamanzele limenye snare pa tik yaciwili na yacinai. Apa ndiye pamene ambili amadabwa: mapazi anali bwino okha, manja akalowa zonse zamwazika. Tsitsani liwilo na 20, muyambilenso.

Mphindi 5: tumathamangidwe tufupi. Menyani pang'onopang'ono ma tik atatu, pa yacinai thamangani kawili kuposa apo, mubwelele. Izi zionetsa phazi liwilo latsopano popanda kulitopetsa.

Lembani nambala ya tsiku lililonse kumbuyo kwa kabuku. Milungu ina nambala siizasuntha, nthawi zina izatsika. Ni mmene zimakhalila. Tomas Haake wa Meshuggah, mmodzi wa oliza olemekezeka mu metal, anatenga miyezi ingapo kuti mapazi ake agwile nyimbo imodzi cabe, "Bleed", ya mu 2008. Ngati iye anayembekeza, imwe muthamangila kuti?

Mulibe pedulo? Musaime

Zoyeseza zonse zili pamwambapa zingacitike pa simenti, mapazi pansi, manja pa nchafu. Mu basi yopita ku Chipata, pa shopu pamene kulibe kasitoma, pa benchi poyembekezela. Pansi pazakuphunzitsani kusinthana kwa mapazi, nthawi na kulimba. Cimene sipangakuphunzitseni ni kubwelela kwa kamutu.

Pa ico, tengelani nzelu kwa anyamata a mabandi a banjo na babatoni, amene kwa zaka zambili akhala akupanga okha mapedulo a matabwa na malegeni. Mufunika tumatabwa tuwili totalika monga phazi, mahinji a citseko kumbali ya cidendene, malegeni a chubu ca njinga m'malo mwa sipuling'i, na tundodo tuwili tokulunga nsanza kumutu. Wowochelela wa pa msika angakupangileni felemu. Comenyapo cikhale tayala lakale, cifukwa mphila ibweza kamutu. Pilo nayo ithandiza kulimbitsa mwendo, koma siibweza, conco musazolowele pilo yokha.

Ngati ku chechi kwanu kuli drum kit, pemphani bwino kwa akulu oyang'anila zoimbila. Auzeni nthawi imene mufuna, mufike pa nthawi, musiye zonse mmene munazipezela. Cikumba ca kick cikang'ambika, cina kambili cifunika kucokela ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo amene anang'amba sapatsiwanso makiyi. Olo pali pedulo imodzi cabe, isewenzetseni: mphindi khumi phazi ili, mphindi khumi ilo.

Pogula, tsegulani maso

Tsiku limene mwasunga ndalama, musagule cifukwa ca dzina lolembewa pa bokosi. DW, Tama, Pearl, Yamaha na Mapex ni maina odziwika, koma pedulo yakale ya dzina likulu ingakhale yotha kupambana yatsopano yochipa.

Gwilani kamutu ka pedulo ya kumanzele na dzanja, ndiyeno gwedezani pedulo yake. Ngati pedulo iyenda koma kamutu kali cete, mfundo za kansimbi kolumikiza zadyeka, ndipo phazi lanu la kumanzele lizacedwa nthawi zonse olo mulimbikile bwanji. Kokani tumitu tonse tuwili kumbuyo, mutuleke nthawi imodzi: tufunika kugwedezeka mofanana kangapo tukalibe kuima. Onani cheni, masipuling'i na zomangila. Funsani ngati ni ya amanja kapena amanzele, cifukwa zilipo zonse ziwili. Ngati mugula kwa munthu wa pa Facebook, musatumize ndalama pa foni mukalibe kuiona, kapena tumani wacibale wa ku Lusaka akaigwile na manja.

Mukafika nayo kunyumba, masipuling'i onse awili akhale pakatikati, osalimba maningi. Tumitu tutalike mofanana, tupendame kumbuyo pafupifupi madigili 45. Pa cikumba matani cigamba pamene tumenya. Mukakonza, lekani kugwilagwila. Ena amathela mwezi wonse na sipanala m'manja, ati vuto ni sipuling'i, pamene vuto ni masiku amene sanayeseze.

Mvelani thupi lanu

Kutentha kwa mnofu pa msongolo kapena pa katumba, kumene kusila mukapuma, ni kwa nthawi zonse. Kuwawa kolasa pa bondo, pa kakolo, m'ciuno kapena kumsana, kapena dzanzi ku zala, ni cenjezo. Imani. Ngati kwapitilila masiku angapo, pitani ku cipatala, musamwe cabe mapilitsi na kubwelela pa mpando. Ambili a imwe miyendo yomweyo ndiye ipalasa njinga, iima pa shopu, ilima munda. Kuiwononga cifukwa ca vidiyo ya masekondi 30 ni kutaya cakudya ca pa nyumba. Tsiku limodzi pa mlungu pumulani.

Makutu nawo. Akatswili a zaumoyo amakamba kuti congo copitilila ma decibel 85 kwa maola ambili cimawononga kumva, ndipo drum kit m'kacipinda ka malata ingapitilile 100. Mukacoka poyeseza makutu alila ziii, dziwani kuti avulala kale pang'ono. Kumva kukapita sikubwela. Tumapulagi twa m'makutu tumene amavala a m'mafakitale tupezeka m'mashopu a hardware, ndipo ni tochipa.

Pa siteji, dziwani poleka

Manje tibwele ku biti ija ya Zamrock imene siigwedezeka. Amene amaitana bandi pa ukwati, pa kitchen party kapena pa msonkhano wa chechi sawelenga kuti mumenya kangati pa sekondi. Afuna anthu avine, kwaya imveke. Woliza amene adzaza nyimbo yonse na dugudugu amakwilila wa bass gitala, amasokoneza oimba, ndipo Sondo yotsatila amapeza wina wakhala pa mpando wake.

Mu kalindula, gospel na rhumba, pedulo yaciwili ni mcele. Yambani na kanthu kamodzi: manja awili, mapazi awili. Lamanja pa snare, lamanzele pa snare, kick, kick, mubweleze kuzungulila ma tom. Ikani pothela vesi, polowa kolasi, kapena pa cimake pamene gulu lonse laimilila. Kamodzi kapena kawili mu nyimbo, basi. Anthu azatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa siteji. Mukacita pa mzele uliwonse, azatembenukila ku khomo.

Pali phindu lina limene ambili salichula. Miyezi imene mwathela na metronome pa 60 na 80 izaongola kalizidwe kanu konse. Kick yanu ya phazi limodzi izakhala yolimba, hi-hat izamveka bwino, ndipo simuzathamangitsa nyimbo pamene chechi yatentha. Ico ndiye cimene atsogoleli a mabandi amalipila. Asikana, izi zikukhudzani na imwe: pedulo siifunsa kuti mwendo ni wa ndani, ndipo luso ili lidalila kumasuka kupambana minofu.

Conco madzulo ano, mukatsiliza nsima, kokani mpando, ikani metronome pa 60, muyambe na phazi la kumanzele. Mphindi ziwili, osaphonya. Mukakwanitsa, lembani tsiku na nambala. Mawa mubwelezenso pa 60 pomwepo.